Botolo la ku Ntcheu ndalanda

Mwaswera bwanji nonse. Mboni zanga ndi alamu a Nachisale ndi nesi, musati ndikukokomeza.

Lero ndaperekeza achimwene a Yohane kuchipatala kuchoka komwe amakhala ku Berea. Mapazi atupa moti nsapato anachita kuvala m'manja. Zoona, ndikulumbira.

Adokotala ati impso zimene zinavulala ndi matenda a korona zija zikuipiraipira. Atafunsa zomwe akumwa, achimwene atulutsa botolo la zitsamba lobwera pa basi kuchokera ku Ntcheu. Mapiritsi akuchipatala anasiya kalekale. Adokotala angonunkhiza, n'kufuna mpando.

Ati achimwene akapitiriza kumwa zitsambazo, mapeto ake ndi makina otsuka magazi. Botololo ndalanda, ndipo achimwene sakundiyankhula.

Wotumiza ali pa gulu lomwe lino. Adziulule yekha, kapena nditchule dzina lolembedwa pa katoni yomwe munali botololo? Mukuti bwanji?