Mayi Amene Anakana Makina Odulira Tiyi

Chaka chimene esiteti yathu inabweretsa makina odulira tiyi, ine ndinali kapitawo wa amayi othyola. Makina amodzi ankagwidwa ndi anthu awiri okha, n'kumaliza munda umene gulu lonse linkathyola tsiku lathunthu. Aliyense ankaona kumene zinkalowera.

Amayiwo anakana kuwagwira. Anakhala pansi m'mbali mwa munda, madengu atawavundikira. Wowalankhulira anali mayi wina wachikulire amene anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kuthyola nditangolembedwa ntchito: masamba awiri ndi kansonga.

"Akapitawo," anatero mayiwo, "kawauzeni abwana kuti manja athu sanafe."

Ndinakanena. Amanijala sanakwiye n'komwe. Anangoti, "Chotsa wolankhulayo, enawo adzuka okha. Zikakukanika, ndipeza kapitawo wina."

Kuwachotsa poyera kukanabutsa phokoso. Choncho, gulu litabwerera kukathyola pamanja poyembekeza yankho, mayiwo ndinawapatsa munda wakumtunda, wotsetsereka, ndikudziwa bwino kuti mawondo awo amatupa. Akafika pasikelo ndinkapisa dzanja m'dengu, n'kutulutsa tsamba limodzi lokhwima, n'kuwalamula kuti akhuthule asankhenso, anzawo akuona. Tsiku lina kuli chiperoni, kamvula kozizira kakuwaza, ndinawakhuthulitsa katatu. Anagwada m'matope akusankha.

"Mwanawe, ndinakulakwira chiyani?" anandifunsa chapansipansi.

"Amayi, ntchito yakukanikani," ndinayankha mokweza kuti onse amve.

Ndinawalembera malipoti atatu. Pakutha kwa mwezi anachotsedwa ntchito, n'kuuzidwa kuti atuluke m'nyumba ya kukomboni. Ndinaima pakhomo mpaka atatulutsa mphasa ndi ndowa zawo, kenako ndinakhoma loko ndekha. M'mawa mwake amayi onse anafola kudzaphunzira makina.

Mvula isanabwerenso, ambiri mwa iwo anali atachotsedwa nawonso. Mayina ndinkapereka ndine. Ine anandikweza udindo, n'kundipatsa njinga yamoto.

Ndinadzawaonanso mayiwo pa Nkando patapita zaka, ndili m'minibasi yopita ku Limbe. Ankagulitsa nthochi m'mawindo, akutsimphina. Atafika pawindo langa anakweza lichero, kenako anandiyang'ana bwinobwino.

"Akapitawo, mwanenepatu," anatero.

Mayi amene ndinakhala naye pampando anagula nthochi, n'kuzidutsitsa pamaso panga. Kondakitala anamenya chitseko, ine ndinatseka windo, tinanyamuka.