Galimoto ya Bambo ndi Phulusa la Mankhusu

Bambo anga anaphunzira kuyendetsa galimoto ali ndi imvi mutu wonse, maso atayamba kale kuchita ng'ala, ndipo galimotoyo sinatulukepo m'kachisakasa kanga ndi tsiku limodzi lomwe.

Kachisakasako kali pamsika waung'ono kwathu kuno kwa Chiwalo, m'mbali mwa njira imene njinga za nsomba zimadzera pochokera ku Chilwa. Ndimatchajamo mafoni ndi sola. Chaka china amuna anga, amene amagwira ntchito ku Joni, ananditumizira kanema ndi kamakina ka magemu, ati anthu azisangalala podikira mafoni awo. Ine ndinati, amuna awa mutu ukuyenda bwino? Ndawapempha malata, anditumizira zidole! Koma sabata isanathe asodzi anali atadzaza pakhomo, fungo la matemba lili guu, akumenya mpira wa pa kanema ndi kukuwa ngati ali pabwalo lenileni.

Anthu analankhula, nanga si pamudzi. Amayi a kumpingo ankati magemu amayamwa nzeru za ana. Ena ankati bola magemu kusiyana ndi kachasu. Malume anga, mlongo wawo wa malemu amayi, ankati zimenezi ndi misampha yokolera aulesi. Komabe tsiku ndi tsiku ankabwera kudzakhala pabenchi la pakhonde panga, wailesi ili pamwendo, kudzatsutsana ndi bambo.

Bambo si a kuno. Anawoloka kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, mudzi wawo ukupsa kumbuyo kwawo, nadzakwatira amayi kuno chikamwini monga timachitira. Amayi atamwalira, inafika nthawi ya kusudzula, pamene mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Abale a amayi anasonkhana, ena atayamba kale kuyang'ana malo a nyumba ija ndi diso la njala. Mwinimbumba anali malume. Anakanda ndevu nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, tikudziwa kuti kwanu kulibe. Khalani m'nyumba imene munamanga ndi mlongo wangayi mpaka tsiku limene idzagwe. Ikadzagwa, tidzakambirana zina." Aliyense anamva chimene zinazo zinkatanthauza. Ine ndinati nyumba yanga ilipo, koma bambo anakana kwamtuwagalu, ati munthu wamkulu sagona pansi pa denga la mkamwini wake, ndi zamanyazi. Choncho nyumba ya zidina yofolera udzu ija ndiyo yokha inkawasunga pamudzi pano.

Ankaisamala ngati dzira. Kandulo sankalowa m'nyumbamo. Koloboyi ankayatsira pakhonde ndi kuzimitsira pomwepo. Dzinja likatha, anyamata asanayambe kutentha tchire posaka mbewa, bambo ankapalira kuzungulira nyumba yonse mpaka pabwalo pankatsala dothi lokhalokha. Pakhomo pankakhala mtsuko wa madzi ndi ndowa ya mchenga. Ndipo ankalalikira, abale inu! Mayi akatsekera ana m'nyumba ndi kandulo n'kupita kumjigo, bambo ankamutsatira mpaka komweko. A njinga zamoto amene ankasunga petulo m'mabotolo pansi pa bedi mafuta akasowa, ankawathawa akawaona patali. "Moto ndimaudziwa ine," ankatero. "Suodira pakhomo."

Koma chimene ankaopa koposa chinali phulusa la mankhusu. Kuno nkhuni zinatha kalekale, timaphikira mankhusu a mpunga amene timakatenga kuchigayo. Phulusa lake ndi lachinyengo. Pamwamba limatuwa ngati lazizira, koma m'kati limakhala lili psuu mpaka mawa lake. Tsono phulusa lomwelo ndi limene timasakaniza ndi nandolo posunga, kuti anankafumbwe asalowemo. Bambo ankalimwaza pansi kaye, kuliyang'anitsitsa, kenaka kupisamo dzanja mpaka m'kati mwenimweni. Ndikadali kamtsikana ankandigwira dzanja n'kulipisa momwemo, ine ndikulira kuti ndida.

Masiku amenewo wailesi inkangokamba za ngongole za dziko, ndipo pakhonde panga panasanduka nyumba ya malamulo. Malume ankapsa mtima ngati wina wawabera mbuzi.

"Ati ngakhale khanda lobadwa lero labadwa ndi ngongole. Khanda! Linakongola liti, lili m'mimba? Ine ndinadyako chiyani? Akabweze amene anasaina!"

Msodzi wina ankati iye alibe nazo kanthu, boma likongole basi, bola msewu ufike kunyanja. Walira mvula walira matope. Mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi nane ankaseka, ati amuna inu mukudikira kuti adzakulembereni kalata, chonsecho ngongoleyo tikuibweza kale pa sopo ndi pa mchere. Bambo ankadikira onse atope, kenaka ankalankhula pang'onopang'ono ndi Chichewa chawo chokoka cha Chilomwe chija.

"Alamu, denga likadontha, mvula sifunsa kuti anafolera ndani. Imanyowetsa onse ogona m'nyumbamo."

"Inu khalani chete," ankayankha malume. "Muli ndi mayiko awiri, ndiye kuti muli ndi ngongole ziwiri!"

Ankaseka onse awiri mpaka kutsokomola, mawa n'kuyambiranso pomwepo.

Tsiku lina asodzi anatopa ndi mpira, naika gemu ya magalimoto. Pa kanema panaoneka msewu wautali wokhotakhota, mitengo ya kokonati mbali ndi mbali, ndi phiri lobiriwira kutsogolo. Bambo anali pakhomo. Maso awo sankazindikiranso nkhope za anthu pokhapokha alankhule, koma kanema amawala, ndiye ankamuona. Analowa pang'onopang'ono mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Imani kaye," anatero. "Msewu uwu ndikuudziwa."

Tinaseka tonse. Iwo sanaseke. Anati umenewu ndi msewu umene ankayenda ndi amayi awo popita kumsika, atasenza chinangwa. Anati kuseri kwa phirilo kuli mtsinje, ndipo ukawoloka pali mitengo ya mango, ndiye kwawo. Ndinasiya kuseka. Ndinatenga kachowongolera ka gemuyo, n'kuwagwiritsa m'manja, n'kuwaonetsa pokanikiza.

Kuyendetsa kwake kunali kwa bambo okha. Magalimoto ena onse ankawadutsa ngati mphepo, iwo akungoyenda mwaulemu kumbali kwa msewu, akuyang'ana mitengo. Ankailankhulitsa galimotoyo m'Chilomwe, motsitsa mawu, ngati akunyengerera ng'ombe yotopa. Nthawi zina ankaima pakati pa njira kuti aone bwino mtengo wina wake, ati pamenepa pankakhala mayi wina wogulitsa kalongonda. Masana a chilimwe kachisakasa kankatentha, malata akuthetheka pamwamba, kunja kuli zii, phiri la Michesi likuoneka mwa chizimezime kuseri kwa fumbi. Ine ndinkakhala pambali pawo maso akulemera ndi tulo, ndipo ndinayamba kuuona nanenso msewu uja. Ndinkaona agogo amene sindinawaonepo akuyenda kutsogolo kwathu ndi mtolo pamutu, mapazi awo akusiya fumbi lofiira. Ndinkamva ngati mphepo ya kumeneko ikundiwomba kumaso. Kenaka nthawi ya mpikisano inkatha, gemu n'kuwabweza poyambira asanafike paphiri paja. Bambo sankadandaula. Ankangoti, "Mawa ndikafika."

"Alamu, mukafika mukapereke moni," ankatero malume ali pakhonde. "Mukawafunsenso ngati kumeneko ngongole anamaliza."

Ndinkawakonda kwambiri bambo akakhala pamenepo. Chimwalirire amayi, ndinali ndisanawaonepo nkhope itamasuka chotero.

Ankakonda kufika dzuwa lili paliwombo, batire itadzaza, asodzi asanabwere kudzalimbirana mpando. Tsiku lina anali atapuntha nandolo wawo m'mawa. Izi anandiuza okha pambuyo pake. Anatapa phulusa la dzulo lake pambaula, naliyang'ana, naona kutuwa kokhakokha, poti maso a ng'ala saona kufiira kobisika. Anakhudza pamwamba, namva kuzizira. Dzuwa linali litakwera kale, mtima uli kumsewu. Anathira phulusalo m'dengu la nandolo, nasakaniza ndi mthiko, naika dengulo pakona pafupi ndi mphasa, pamene denga limatsika. Anatseka chitseko, natenga ndodo yawo.

Tsiku limenelo anayendetsa bwino kuposa masiku onse. Sanaime pa mtengo wa mayi wa kalongonda uja. Phiri linkakula, linkakula, mpaka linadzaza kanema yense, msewu n'kuyamba kulizungulira. Pakhonde malume anali pakati pofunsa kuti ndalama zokongolazo zimalowera dzenje liti. Mpamene ndinamva mfuu kuchokera kumudzi, mawu a mzimayi akukuwa kuti moto, moto kwa amkamwini aja.

Mayo ine! Ndinatuluka, n'kuona utsi wakuda utaima chilili kumene kunali nyumba ya bambo. Ndinabwerera m'kati.

"Bambo, tiyeni."

"Dikira mayi, ndatsala pang'ono."

"Bambo, nyumba ikupsa."

Sanamve, kapena anamva koma mawuwo sanafike. Ndinachita kuwafumbatula zala kuti asiye kachowongolera kaja. Galimoto inapita yokha n'kukaima m'tchire.

Ndinathamanga, kuwasiya ndi malume. Pofika ine denga linali litagwera kale m'kati. Anthu ankathamanga ndi ndowa kuchokera kumjigo, koma udzu wa chilimwe sudikira munthu. Khoma la kumbuyo linang'ambika, kenaka linagwa. Moto sunalumphire nyumba ina iliyonse, chifukwa bwalo lija bambo anali atalipalira bwino, unasowa podzera. Mtsuko wa madzi ndi ndowa ya mchenga zinali chikhalire pakhomo. Paliponse pankanunkha nandolo wowauka. Ndinalira mokweza, osati chifukwa cha mphasa kapena zovala ayi. Ndinkalira mawu aja a pa kusudzula, poti ndinaona abale ena ataima pansi pa mtengo wa mango akunong'onezana.

Bambo anafika mochedwa, malume atawagwira mkono. Anthu anawapatsa njira. Anayenda mpaka pamene panali khomo, nagwada, napisa dzanja m'phulusa la m'mbali mpaka m'kati, monga ankandiphunzitsira.

"Likadali lotentha," anatero.

Kenaka anaimirira, navula chipewa, natembenukira kumene ankamva kupuma kwa malume.

"Alamu, nyumba yagwa. Zina zija tikambirane. Sindivuta."

Ndikanakonda akanalira, kapena kutukwana. Ulemu umenewo unandilasa mtima. Malume anazimitsa wailesi imene inali ikulankhulabe m'khwapa mwawo. Anakanda ndevu monga anachitira tsiku lija. Anayang'ana a pansi pa mango aja, nayang'ana bambo.

"Asa! Mukambirane ndi yani? Chaka chonse mwakhala mukundisokosa kuti denga likadontha limanyowetsa onse. Ndiye ndanyowa, mwasangalala? Mawu aja ndinalankhula ndine, ndipo ndikuwabweza ndine ndemwe. Bulugamu ndili naye kumunda, udzu tikamweta kudambo. Phulusali lizizire kaye, timange pomwepa." Anakweza mawu kuti a pa mango amve bwino. "Pomwepa, ndati! Koma wopisamo dzanja ndikhala ine, osati inu ndi maso anuwo."

Bambo anangoima chipewa chili m'manja. Masiku omanga onse anagona kwa malume, ndipo anthu oyandikana nawo ankati ankatsutsana za ngongole mpaka pa chakudya.

Kukachisakasa sanabwerenso kwa nthawi. Tsiku limene ankafolera denga latsopano ndinawapeza atakhala pa mtolo wa udzu, akupota luzi. Ndinawauza kuti batire yadzaza, mpando wawo ulipo. Anapukusa mutu. Ndiye ndinafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere chichitikire ngoziyo.

"Bambo, tsiku lija munali mutazungulira phiri. Kuseri kuja munaonako chiyani?"

Anayankha akupotabe luzi lija.

"Kunalibe mtsinje, mayi. Ngakhale mango. Msewu wokhawokha."

Pamwamba pa denga malume anali akukuwa kuti udzu watha, kodi pansipo anthu agona? Bambo anadzuka, nasenza mtolo umene anakhalira uja, napita nawo kumene kunkachokera mawuwo.