Atuluke Atavala Chiyani?

Ngati mukufuna munthu wokunamizani kuti malaya akukhalani, musaime pabenchi ya aNabelo. Mayi amene uja amakuyang'ana pamimba n'kunena kuti, "Achimwene, batani ili lakulakwirani chiyani?" Tinawatcha aNabelo chifukwa belo ya kaunjika amainyamula okha, amuna a ndevu zawo akungoonerera. Ine ndimasoka nsapato pambali pa benchi yawoyo, ndipo wofuna kuwanena ayambe wathana ndi ine.

Geniyi anaiyamba mwamuna wawo atathawa ndi makina osokera. Ndi masiketi ndi majuzi omwewa analera ana awo awiri, komanso mtsikana wa malemu mng'ono wawo. Mtsikanayo atakula anapeza ntchito m'shopu ya zitsulo kumapeto kwa msewu wathu.

Tsiku lina m'mawa mwini shopu anamutuma kuchipinda chosungira katundu, n'kumutsatira, n'kukhoma chitseko, n'kumugwirira. Mwana anafika pabenchi bulauzi itang'ambika paphewa, osalira. ANabelo anamukoleka juzi. Ine ndinatseka bokosi langa n'kuwatsatira.

Kupolisi anati kayambeni kuchipatala. Kuchipatala, ndisaname, namwino anagwira ntchito yake. Anamuyeza, anamupatsa mankhwala omuteteza ku matenda ndi mimba, zovala zonse anaziika m'thumba la pepala. "Uwu ndi umboni," anatero. "Zisachapidwe, zisavalidwenso." Kenako anamufunditsa nsalu ya pabedi.

Apa m'pamene panayambira uchitsiru. Namwino anaimbira apolisi, apolisi akuti mtsikanayo abwere kusiteshoni adzapereke sitetimenti. ANabelo akuti chabwino tiyeni, namwino akuti nsaluyo ndi ya chipatala, siidutsa pageti. Anaimbira kuofesi yosamalira anthu, bambo wa kumeneko akuti iwo mbali yawo ndi uphungu, za zovala sizili m'manja mwawo. Maofesi atatu! Mayunifolomu, zidindo, zikwangwani pakhoma zoti musabise, nenani. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsapo kuti munthu ukamulanda zovala atuluka atavala chiyani.

Ndili pakhonde ndinamumva mtsikanayo, mawu ali pansipansi. "Mayi aakulu, ndipatseni zovala zangazo. Ndikachape, ndikagone. Zisiyeni basi."

Akanachapa, nkhani ikanathera m'beseni. Galu uja akanatsegula shopu mawa lake n'kulemba ntchito mwana wa munthu wina.

"Mwanangu," anatero aNabelo, "ndipatse kanthawi. Ukaona sindikubwera, vala, sindikuletsa." Anatulukira pakhonde n'kundiloza. "Iwe wansapato, thamanga kubenchi. Utenge dilesi lalitali, losathina. Ugulenso zamkati zatsopano."

"Ine, mayi? Zamkati?"

"Unabadwa kumtengo iwe? Thamanga!"

Ndinathamanga. Iwo analunjika kupolisi. Za kumeneko anandiuza ndi anthu amene anali pamzere, ndipo mpaka lero amazisimba.

"Bwana sajeni, miyendo muli nayo?"

"Mayi, dongosolo lake n'lakuti wodandaula amabwera kuno."

"Abwere maliseche? Adutse pakhomo pa shopu ya yemweyo?"

"Musakweze mawu, muno ndi mu ofesi."

"Ndiye ndiyambe ndine kuvula. Mundifunse mafunso anuwo ndili choncho, tione ngati cholembera chiyende."

Akuti anamasuladi batani loyamba, n'kugwira lachiwiri. Sajeni maso kudenga, ngati waona njoka pamtanda. Wapolisi wamkazi amene anali kukona anadzuka, natenga faelo yake. "Tiyeni, amayi," anatero.

Tinakumana pageti la chipatala, ine thukuta kamukamu, dilesi kukhwapa. Mtsikana tinamupeza atakhala pabedi, thumba lija lili pamiyendo, atalitsegula kale kukamwa. Anavala dilesi. Linali lalikulu, manja kulendewera, chifukwa ine maso anga ndi a nsapato. Anayang'ana wapolisiyo nthawi yaitali, kenako anamupatsa thumba. Chitseko chinatsekedwa, ndipo anafotokoza zonse kamodzi kokha, namwino ali pomwepo.

Mukuganiza kuti aNabelo anathera pamenepo? Simukuwadziwa. Benchi anandisiyira ine, iwo tsiku ndi tsiku pakhomo la ofesi iyi, mawa iyo. Bambo wauphungu uja anafika pobisala m'chimbudzi akamva masilipasi awo. Mapeto ake akuluakulu a maofesi atatu onsewo anakhala pansi m'chipinda chimodzi cha kuchipatala, ndipo anagwirizana kuti wogwiriridwa asamayendenso: wapolisi ndi wauphungu azimupeza komweko. Kuseri kwa chitseko cha chipindacho kuli chikwama cha zovala, zazikulu ndi zazing'ono, za ana zomwe. Amadzazamo ndi aNabelo. Mwezi uliwonse akuluakuluwo akakumana iwo amakhala nawo, ngakhale palibe anawaitanapo. Ndi iwonso anakakamiza kuti wapolisi ndi wauphungu ayende m'mashopu onse a mumsewu wathu, kulankhula ndi atsikana ogwira ntchito mabwana awo atatulutsidwa panja. Atsikana awiri amene anagwirapo ntchito m'shopu ya zitsulo ija atamva, anabwera okha kudzanena zawo.

Musaganize kuti maofesiwo asanduka angelo. Amakanganabe za galimoto, za amene aimbe foni, za amene akhale pampando wapakati. Foni yawo ina imangolira ngati ili m'manda. ANabelo akadwala sabata imodzi, chikwama chimauma. Zimenezi zimandiwawa kwambiri: mayi wogulitsa kaunjika kumachita kukumbutsa anthu olipidwa kuti munthu ndi munthu.

Tsiku la mlandu mwini shopu anabwera atavala suti, akumwetulira anthu ngati wabwera kudzatsegulira msonkhano. Loya wake anati mtsikanayo anachita kufuna yekha. Ine ndinadzuka, aNabelo anandikokera pansi ndi lamba. "Khala, chitsiru iwe, ungatiwonongere." Thumba linatsegulidwa, bulauzi inatambasulidwa patebulo, namwino anaima n'kunena zimene anapeza. Mtsikana analankhula osagwetsa nkhope. Munthu uja anamangidwa, ndipo ali m'ndende pamene ndikulemba pano.

Mtsikanayo anapeza ntchito kutsidya lina la tauni. Ali bwino, amaseka, amawatumizira mayi ake aakulu moni. Koma mumsewu wathu, momwe anakulira akusewera pansi pa benchi, sadutsamonso. Chimenecho sindidzamukhululukira galu ameneyo.