Mkazi Amene Ankayendetsa Mlongo Wanga

Ine mlamu wanga Anastazia sindinamukondepo chiyambire tsiku limene January, mlongo wanga wamng'ono, anabwera naye kwathu ku Petauke kudzamuonetsa. Munthu wosalankhula amandiopsa ine. Ukamufunsa kanthu amayamba wakuyang'ana kaye, ngati akuyesa ngati ukuyenera kuyankhidwa. Anabadwira ku Kabwe, kumene ankakhala ndi January, bambo ake anachoka ku Chipata kudzagwira ntchito pamgodi, ndiye Chinyanja chake n'chosakaniza ndi Chibemba. Zaka makumi atatu wakhala akugulitsa kapenta ndi nyemba pamsika ku Katondo, ndipo Lamulungu amaimba kwaya. Anthu akumeneko amamuitana Bana Collins, potengera mwana wawo woyamba.

Collins yemweyo ndiye anandiimbira foni mu Juni chaka chinacho. "Azakhali, atate sali bwino. Mapapo ndi mtima womwe." Sindinadabwe. January anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma, ndipo fodya ankasuta ngati amulipira. Ndinamanga kachikwama, n'kukwera basi.

Ndinafika madzulo, n'kugona. M'mawa kutacha ndikasuzumira kuchipinda, bedi lili pululu! Kutuluka panja, ndinaona zimene maso anga sanazionepo. Munthu wodwala mtima ali pamsewu, akukoka miyendo, akupuma ndi milomo yosongoka ngati akuziziritsa tiyi. Pambuyo pake mkazi wake, kampando m'manja, akuwerenga mapolo a magetsi. Akafika polo lachitatu amamukhazika, akapuma pang'ono amamudzutsanso.

Mayo ine! Kwathu wodwala amagona. Anthu amabwera kudzamuzonda, amamupeza pamphasa atafunda, ndipo mkazi wabwino amadziwika pa kudwazika. Uyu akuthamangitsa mwamuna pamsewu kunja kukuzizira chonchi?

Ndinawatsatira mwakachetechete. Pamenepo ndiye ndinamva chimene chinandiimitsa tsitsi. Anastazia ankamuuza kuti, "Bashi Collins, yambani," ndiko kuti bambo a Collins, ndipo January ankanena pemphero la Maria mokweza uku akuyenda. Ifenso ndife Akatolika, tikudziwa kuti pemphero limenelo limathera pa nthawi ya imfa. Ndinati mumtima, mkazi uyu akudziwa chimene akuchita, akumukonzekeretsa ulendo.

Atabwerera ndinamufunsa. "Alamu, kodi zimenezi ndi ziti?"

"Ni kuchipatala anakamba kuti aziyenda. Akagona chabe, azafooka."

"Pepala lake lili kuti?"

"Kulibe pepala. Anakamba pakamwa."

Mwamva? Palibe pepala. Masana anabweretsa ndiwo, kulawa, mchere wake wongonunkhizamo. Akuti zimenezonso n'zakuchipatala. Chipatala chanji chimene chimamana munthu mchere n'kumutuma kukawerenga mapolo? Anastazia atapita kumsika, January anandikodola n'kunong'ona kuti, "Dailes, mkazi uyu andipha." Anaseka ponena, koma ine sindinaseke. Ndinaiwala kuti mlongo wangayu kuyambira ali mwana khasu ankaliona ngati mdani.

Tsiku lomwelo ndinaimbira abale onse ku Petauke. Ndinawauza kuti, "Akumuyendetsa dala kuti mtima uime." Ndinauzanso amayi a kumphakati, gulu lathu la mapemphero a m'makomo, pamene anabwera kudzacheza. Pakamwa panga ine sipachedwa. Amalume athu anamuimbira Anastazia n'kumulamula kuti asiye wodwala m'manja mwa mwini wake, ndiye kuti ine. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, anaika foni pathebulo, n'kundiuza kuti, "Ni mlongo wanu. Koma azafooka." Anatenga dengu lake n'kupita kumsika.

Ndinadwazikatu ine, musamve zina. Bulangete ziwiri, madzi osamba kuchipinda komweko, ndiwo zomveka mchere. Mankhwala okha ndiwo ndinkamupatsa monga analembera. Anthu anayamba kubwera kudzazonda, anzake akale akunjanji, amayi akwaya, ena ochokera ku Ngungu, onse kumupeza atagona bwinobwino monga wodwala. Ankandiyamikira kuti, "Mwachita bwino kubwera, amayi." Ndinkamva kukoma, sindibisa. Anastazia akabwera madzulo ankaima pakhomo la chipinda, kuyang'ana mapazi a mwamuna wake, ine n'kumamuyang'ana iyeyo kuti asayandikire kapu yamadzi.

Sabata yachitatu mapazi anatupa ngati mikate, koma ntchafu zinaphwa. Chimbudzi chawo chili panja, masitepe khumi ndi awiri kuchokera pakhomo. Tsiku lina masana anadzuka kuti apite, anafika pakhomo, miyendo inakana. Ndinamugwira, koma tinachedwa. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi anaima pamenepo thalauzi itanyowa, akulira pamaso pa mlongo wake. Anati, "Dailes, iwe usanabwere ndinkafika kumsika." Ine ndinati ndi matenda akukula, komabe mtima unandigunda.

Tsiku lokaonedwa kuchipatala ndinapita nawo, cholinga changa chinali kukamugwira bodza mlamu wanga. Nesi wake anali mayi wamfupi, dzina lake Chansa. Atangoona January pa njinga ya odwala anafunsa kuti, "Aa, a Tembo, chachitika n'chiyani? Mwezi watha munalowa muno ndi miyendo yanu." Ndiye ine ndinatsegula pakamwa, kufotokoza zonse, za mapolo, za mchere, za pemphero lija.

Nesiyo sanakalipe. Anati munthu wa mapapo ndi mtima akangogona, minofu imafooka, ndiye kuyenda pang'ono pokha kumafuna mpweya wambiri kuposa kale, mwini wake n'kumaopa, n'kugonanso. Anati kuyenda kwake n'kwapang'onopang'ono, tsiku lililonse, ndipo pachifuwa pakapweteka, kapena chizungulire, kapena mapazi akatupa kwambiri, asiye abwere kuchipatala msanga. Za pemphero anati iye anangowauza kuti wodwala azilankhula akamayenda, mawu akayamba kuduka ndiye kuti nthawi yopuma yakwana. "Koma awa awiri sacheza," anatero, "ndiye Bana Collins anasankha zopemphera."

Mukuganiza ndinakhulupirira? Ayi ndithu. Ndinaona mmene amamutchulira Bana Collins ngati mnzake, ndinati awa anapangana. Tikudikira mankhwala ndinakhala pafupi ndi mkulu wina wa ku Mukobeko, a Levy, amene ankatsokomola ngati January. Ndinawafunsa mozungulira ngati kwawo amawasamala bwino. Anati, "Ine mwana wanga amanditulutsa m'mawa uliwonse, ndizungulire bwalo la mpira kawiri. Poyamba ndinkamutukwana." Pamenepo ndiye manyazi anandigwira.

Madokotala anamusintha mankhwala, mapazi anaphwa, ndipo Anastazia anayambiranso kumuyendetsa. Sananditonze ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Sabata yoyamba anafika pageti. Patapita mwezi anafika polo lachiwiri. Ine ndinabwerera kwathu mu Seputembala. January anakhala chaka china chathunthu, chimbudzi ankapita yekha, kutchalitchi ankafika pa takisi n'kulowa ndi miyendo yake, koma kumsika sanafikenso. Anamwalira ndi chibayo.

Chimodzi chokha sindinachite. Sindinaimbirenso abale aja kuwauza kuti ndinalakwitsa. Ndinkati ndinena mawa, ndinena tikakumana, mpaka maliro anatikumanitsa.

Pasiwa amayi tinakhala pansi m'nyumba, Anastazia pakona atafunda chitenje kumutu. Msuweni wathu Tiza, amene anabwera ndi basi ya abale, anakodola mnzake n'kunong'ona, koma kunong'ona kwake kwa Tiza kumamveka mpaka kukhitchini. "Ndi ameneyu. Anamuyendetsa dala kuti mtima uime." Mawu anga enieni, osasintha ngakhale limodzi. Anastazia anamva. Ndinaona chitenje chikugwedezeka.

Titaika maliro, m'mawa mwake mabanja awiri anakhala pansi kuti afotokozerane mmene matenda anayendera, monga mwa mwambo. Amalume anati, "Dailes ndiye anaona ndi maso, alankhule." Onse anatembenukira kwa Anastazia, akudikira kuti ndimumalize.

Ndinagwada. Ndinanena kuti mkaziyu ankachita zimene anauzidwa kuchipatala, kuti amene anagoneka January mpaka miyendo kufooka ndine, kuti zimene ndinawauza pafoni zinachokera m'mutu mwanga moipamu. Ndinalira, chifukwa zinandiwawa zedi. Ndinapepesa alamu anga pamaso pa onse.

Amalume anakanda kumutu. Kenako Tiza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "A Dailes, kodi anakudyetsani chiyani kuno ku Kabwe?" Ena anagwedeza mitu kuvomereza.

Pokwera basi, abale anga anatsanzika Collins ndi azing'ono ake, koma amayi awo anawadutsa ngati mtengo. Ku Petauke mpaka lero nkhaniyi amaikamba mmene ndinaikambira poyamba paja, ndipo ndikati ndiwatsutse amangoyang'anana.