Ndinaodira Chipinda Chopanda Munthu

Ena ndikawafotokozera amati ndi maloto a mayi wakumudzi amene anachita chizungulire ndi masitepe a m'tauni, koma ine munthu wa mumpingo, wa imvi kale, ndinamirenji? Zinandichitikira masanasana ndili maso, ndipo mpaka lero ndikazikumbuka thupi limachita tsemwe.

Bambo a kunyumba anali mphunzitsi kwathu kuno ku Namitete. Atamwalira, penshoni yawo itatuluka, ndinaganiza zogulira mwana wanga wamkazi pokhala, poti anali atangoyamba ntchito ku Lilongwe ndipo ndinatopa nazo zomva kuti lero alandilodi akweza lendi, mawa amutsekera panja. Tinapeza kachipinda kamodzi pa nyumba yosanja pakatikati pa tauni, dera limene aliyense amalisirira, bedi pomwepo, pophikira pomwepo, bafa kuseri kwa chitseko. Kunena zoona khola langa la mbuzi ndi lotakasuka kuposa kachipindako, koma mwana anakakonda, nanga ine ndikanatani?

Tsiku lolandira makiyi, bambo amene ankatigulitsa anatsegula chitseko n'kunena kuti ndiyambe kulowa ndine. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera, phazi silidutsa pakhomo pakamwa pasanalankhule, ndiye ndinangozindikira ndaodira. Bamboyo ndi mwana wanga anafa nacho chiseko, ati ndikuodira ndani m'nyumba yangayanga. Ine sindinaseke, chifukwa m'katimo, mopanda ngakhale mpando, mawu a mayi wachikulire anandiyankha kuti ndifike, mwansangala ngati munthu amene wakhala akudikira alendo. Ndinadzinamiza kuti ndi wailesi ya oyandikana nawo.

Patapita miyezi mwana anasiya kubwera kumudzi, foni akayankha ankalankhula monong'ona. Mtima wa kholo sunama, ndinakwera minibasi pakati pa sabata. Nditaodira pakhomo, anandiyankha mawu omwe aja, koma wotsegula anali mwana wanga, atawonda ngati wadwala chaka. Analowa n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atapinda, mpando ndi bedi zili zopanda munthu. Nditamukalipira kuti akhale pampando, anandinong'oneza kuti eni nyumba sanamupatse. Nanga kuntchito? Anati nthawi zonse akatsanzika, eni nyumba amamuuza kuti adikire pang'ono tiyi ali pamoto. Ndinagwira ketulo, inali zii, ya fumbi.

Mayi ine! Ndinatuluka panja n'kupeza mayi wina wa khomo loyandikana akuyanika zovala. Iyeyu ndiye anandiululira kuti m'chipindamo munkakhala mayi wina wopuma pa ntchito, yekhayekha, zaka ndi zaka popanda womuyendera, ndipo atamwalira anthu anadziwa chifukwa cha ntchentche pawindo. Abale ake anangobwera kudzagulitsa basi. Kwathu nyumba yotero timaisesa mwamwambo, ena amaigwetsa kumene, koma chipinda chokhala pamutu pa anzako ungachigwetse bwanji? Apa m'pamene zinandilowa m'mutu kuti woodira ndi mlendo, woyankha ndiye mwini. Nyumba ndinagula ndi thukuta la malemu amuna anga, koma ndinaibweza ndi pakamwa panga, n'kusiyamo mwana wanga ngati mlendo wosaloledwa kuchoka.

Sindinafune kulimbana nawo. Ndinalowanso, kugwada, kuwomba m'manja molemekeza, n'kuthokoza kuti andisungira mwana, koma tsopano atilole tizipita chifukwa kumudzi mtedza ukuphukira m'munda. Mawu aja anati chabwino, koma atiperekeze. Ndinagwira mwana padzanja, ndipo potsika masitepe patapata ankamveka kumbuyo kwathu, phwa, phwa, ife tikaima nayenso n'kuima.

Mu minibasi mwana anasiya mpata pambali pake. Mayi wina wa dengu pokwera anayang'ana mpatawo, n'kunena kuti pepani agogo, n'kukadzipanikiza kumbuyo. Ngakhale kondakitala, anthu osadziwa chisoni aja amene amakuikani anayi pa mpando wa atatu, sanayikepo munthu. Tinatuluka m'tauni ine thukuta lili kamukamu, ndipo tikuyandikira Chitedze ndinakumbukira chinthu chimene mwana aliyense amadziwa, kuti woperekeza sabwerera yekha mpaka mlendo atamubweza. Kodi ndikanakhala chete, si bwenzi titafika nawo pakhomo panga?

Ndinakuwa kuti dalaivala aime. Anthu anang'ung'udza, ine osasamala, ndinatsika ndi mwana, kugwada m'fumbi m'mphepete mwa msewu, n'kunena kuti zikomo kwambiri amayi, atifikitsa patali, abwerere pompa poti nyumba yatsala yokha. Mwana anandifinya dzanja. Patapata uja anamvekanso pa phula, pang'onopang'ono, kulowera kutauni. Mwana wanga analira mokweza ngati khanda, kenako anandiuza kuti ali ndi njala.

Chipindacho chikadali chokiya. Achibale amanditcha chitsiru, ati ndigulitse, koma ndigulitse kwa mwana wa yani? Ine sindikhulupirira kuti mayi uja anali mfiti ayi, anali munthu amene anafa ndi njala ya odi. Mwana wanga anachira, anapeza ntchito ina, koma mpaka pano akanditsanzika, ine mayi ake omubereka, amaima pakhomo mwamantha kudikira kuti ndimulole, ndipo zimandipweteka. Choncho anzanga, musanalandire makiyi a m'tauni funsani kuti munkagona ndani, ndipo khomo lopanda munthu musaliodire. Odi wanuyo kamuperekeni kwa okalamba anu akadali moyo, asadzachite kumulanda kwa ana a eni.