Suti ya Bambo Daka

Ntchito yanga yoyamba ya utelala ku Dubai ndinaipeza chifukwa cha thalauza long'ambika. Ndinabwera kuno kudzakolopa mu hotela ina ya ku Al Rigga, ngakhale kwathu ku Ndirande ndinali nditasoka pakhonde zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mlonda wa ku Mangochi, anang'amba thalauza la yunifolomu. Ndinalisoka pamanja, iye n'kukalionetsa kwa telala wina wa ku Pakistan yemwe ali ndi shopu ku Al Muraqqabat. Telalayo anatembenuza thalauzalo, kuyang'ana msoko, n'kunena mawu amodzi okha: "Abwere." Kontrakiti ya ku hotela itatha ndinapita, ndipo anandipatsa miyezi itatu yoti aone ntchito yanga.

Telalayo tonse tinkawatchula a Ustadi, ndiko kuti mphunzitsi wa ntchito. M'shopumo munali makina atatu osokera, amodzi omangira m'mphepete mwa nsalu, simbi yanthunzi, tebulo lodulirapo, ndi galasi lalitali. Aliyense anali ndi tepi, choko, mapini ndi sizasi yakeyake.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi, ntchito yambiri inkachokera kwa anthu okwera sitima zikuluzikulu zapamadzi, zija zimazungulira ndi alendo sabata yathunthu. Pa sitimazo pamakhala madzulo ena amene anthu amatchena pokadya: abambo suti yakuda, shati yoyera ndi taye, amayi diresi lalitali. Ambiri ankabwera ndi zovala zogula kale kuti tizichepetse kapena kuzikulitsa. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti m'zipinda zodyeramo eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja, imazizira kwambiri, ndipo panja mphepo ya panyanja m'miyezi imeneyi imalowa mpaka m'mafupa. Ine ndinkangodziwa Dubai wa thukuta.

M'mwezi wanga wachitatu kunabwera Esnati, namwino wa ku Zambia wokhala ku Al Twar, ndi bambo ake, a Daka, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Katete. Anawaitanitsa kuti akakwere nawo sitima, ulendo wawo woyamba panyanja. Anali atawagulira suti yakuda, koma jekete linali lalikulu. A Ustadi atamva kuti tikumvana chilankhulo, anandisiyira kasitomalayo.

A Daka anavala juzi yokhuthala yabulawuni, pamene kunja kunali dzuwa. Ndinawapempha kuti avule. Anazengereza pang'ono, n'kuvula. Ndinawaveka jekete pamwamba pa shati, kubaya mapini kumsana ndi m'mbali, kulemba ndi choko.

"Likukhala bwanji, bambo?"

"Lili chabe bwino, mwana wanga."

Funso loti juziyo ndi yachiyani linandifika pakamwa, koma ndinalimeza. Munthu wamkulu sumufunsa za m'thupi mwake pamaso pa mwana wake wamkazi. Iwonso anaona kuti si ulemu kuphunzitsa telala ntchito. Tonse awiri tinalemekezana, n'kusiyana.

Jekete ndinalichepetsa bwinobwino. Kenako ndinachita zomwe tinkachita pakhonde kuti mkati muoneke mwaukhondo: nsalu yotsala m'misoko ndinaidula.

Anabwera kudzatenga suti Loweruka cha m'ma 10 koloko m'mawa, masutikesi ali kale m'galimoto. Kudoko ankayenera kufika isanakwane 3 koloko. A Daka anavala jekete pamwamba pa juzi ija. Mikono inalowa movutikira, batani osafika pa bowo lake.

"Atate, juzi muvule," anatero Esnati. "Kuja savala majuzi."

"Nikavula, chifuwa chizanigwira. Iwe ndiwe nasi, udziwa." Anatembenukira kwa ine. "Nili na mphumu, a telala. Mphepo ikanimenya kumsana, kwatha. Palibe kanthu. Ine nizadyera mu chipinda, iye ayende yekha akajambulitse na a kaputeni."

Esnati anayang'ana jekete. Kenako anati, "Chaka chonse nakonzekera kuti nikakhale na atate pa tebulo ija."

A Ustadi anatenga jekete n'kulitembenuza. Ataona misoko yodulidwa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa m'Chingelezi chawo chodukaduka, "Wadula ndani?" Ndinavomera. "Nsalu ya kasitomala sitidula. Timapinda. Mawa munthu anenepa, utani?" Ndinadziwa kuti miyezi yanga itatu yathera pomwepo. Koma iwo analoza wotchi. "Maola anayi. Yalla, fulumira, ganiza."

Jekete silikanathekanso kukula. Ndiye kufunda kunayenera kulowa mkati popanda kutupitsa munthu. Sutiyo inali ndi wesikoti, kajekete kopanda manja kaja. Wesikoti kutsogolo imakhala ya nsalu ya suti, koma kumsana amaikako kansalu kopyapyala koterera, kosatchinga mphepo ngakhale pang'ono, ndipo a Daka anali atanena okha kuti mdani wawo amalowera kumsana.

Ndinasula msana wonsewo. M'bokosi la zidutswa ndinapeza nsalu yaubweya yakuda, yopyapyala koma yolukidwa mothinana. Ndinaidula potsata msana wakale, n'kuikweza zala ziwiri kuti ifike m'khosi. Kutsogolo ndinaika ina mkati, yophimba chifuwa, n'kuisokerera pamanja kuti ulusi usaonekere kunja. A Ustadi anakhala pa makina a pambali panga n'kupinda m'mphepete mwa sikafu yoyera, yoti mkuluyo azikulunga m'khosi akatuluka panja. Esnati tinamutuma kukagula vesiti ya manja aatali, yogwira thupi, yovala mkati mwa shati, ndi masokosi aatali.

Itangokwana 1 koloko ndinasita zonse ndi nthunzi, a Daka n'kuvala: vesiti, shati, wesikoti, jekete. Batani linalowa. Anadziyang'ana pagalasi, koma nkhope sinamasuke.

"Kuoneka nioneka bwino. Manje galasi siimvera mphepo."

A Ustadi anafunsa zomwe mkuluyo wanena. Nditawamasulira, anatenga rimoti, kutsitsa eyakoni mpaka pomalizira, n'kuika mpando pansi pake penipeni. "Khalani apa, bwana. Mphindi khumi ndi zisanu."

A Daka anakhala, manja pamaondo, ngati akudikira kujambulidwa. Ife tonse tinayamba kunjenjemera. Esnati anatola juzi ya bambo ake n'kudzifunditsa. Iye ankayang'ana kapumidwe kawo, ine ndinkayang'ana wotchi. Nthawi itakwana mkuluyo anapuma mozama kawiri, osatsokomola.

"Esnati, bweza juzi yanga, wakuba iwe," anatero. "Uiike pansi mu sutikesi." Kwa ine anati, "Ukananifunsa tsiku lija, sembe n'nakuuza."

"Ndinaopa, bambo."

"Naine n'naopa. Taona manje, mantha a anthu awiri yafuna kunidyetsa nekha."

Atapita, a Ustadi anazimitsa eyakoni. Sanandiyamikire. Anangondilanda sizasi yanga n'kuitsekera m'dirowa sabata yathunthu, kuti ndiphunzire kupinda. Mwezi utatha anandiuza kuti ndikhale. Patapita masiku Esnati anatumiza chithunzi pa foni ya shopu: a Daka ali pa tebulo la nsalu yoyera, sikafu ili paphewa, akuseka.

Ndidakali pa shopu yomweyo, ndipo makasitomala a sitima ambiri amadzera kwa ine. Ndisanatambasule tepi ndimafunsa kuti mkati adzavalamo chiyani, ndipo ndimawayeza atavala chomwecho. Akakhala munthu wamkulu wa kwathu, ndimapempha ana ake kuti ayambe aona nsalu kutsogolo kwa shopu. Tikatsala awiri ndimatsitsa mawu n'kufunsa, "Bambo, mphepo imakupwetekani pati?" Mpaka lero sindinapeze wondikwiyira.