Chikhadabo cha Chamkombaphala

Ntchito ya gitala ndinaipeza chifukwa cha waya wa buleki. Masiku amenewo, nkhondo yachiwiri ya Ajeremani itangotha, ndinkathandiza kukonza njinga pafupi ndi siteshoni ya Balaka, ndili mkamwini watsopano ku Rivirivi. Tsiku lina kunabwera bambo wa ku Ntaja, Che Amidu, gitala lili kumsana. Ankafuna waya woti asombole apange nsambo. Powapatsa ndinaona kuti zala zawo zapindika, zikukanika kugwira. Inali nyamakazi.

Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. "Iwe Fabiano, manja awa ukungowawononga ndi girisi. Nyimbo ndili nazo, ndinabwera nazo ku Halale, koma zala zandithawa. Udziyimba gitala, ine ndiziyimba pakamwa. Ukadziwa, gitalali ndi lako."

Ha! Ine gitala? Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Kayimbidwe kawo kanali ka zala ziwiri. Chala chachikulu chimagunda nsambo zonenepa zam'mwamba, iyi kenako iyo, osapuma. Chamkombaphala chimakodola nsambo zowonda kuchokera pansi, imodziimodzi, ndipo ndicho chimalankhula mawu a nyimbo woyimba akakhala chete. Kachala kakang'ono kamatsamira pa thabwa kuti dzanja lisayendeyende. Chikhadabo cha chamkombaphala chimafunika chitulukire pang'ono, ngati kambewu ka mpunga, ndipo ndinkachisalaza pa mwala wonolera.

Vuto langa linali limodzi. Chamkombaphala chikangoyamba kukodola, chachikulu chinkaima kuti chimvetsere. Che Amidu ankandimenya pabondo ndi chipewa. "Iyayi! Anthu savina zokometsera zakozo. Amavina chala chachikulu. Yamba pang'onopang'ono, nsambo imodzi, mpaka chizigunda chokha iwe ukucheza." Dzinja lonse linatha ndikugunda nsambo ziwiri zokha. Pofika nthawi yokolola, zala ziwirizo zinayamba kumvana, ndipo ndinalira ndi chimwemwe, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Koma kumudzi kwa akazi anga nkhani inali ina. Apongozi sangakuuze pamaso, amatuma mwana wawo. "Amayi akuti, kodi ameneyu anabwera kudzalima kapena kudzaweta zikhadabo?" anatero mkazi wanga, maso ali pansi. Chaka chimenecho akapitawo a malimidwe anali atalamula kuti munda uliwonse ukhale ndi migula, ndipo wosakumba ankamutengera kubwalo. Munda unali wa apongozi, mwamuna pakhomo ndinali ine. Ndikanakana bwanji?

Sabata yomweyo tinali titaitanidwa ku ukwati waukulu ku Ulongwe, wa mwana wa mwini sitolo, ulendo wanga woyamba kuyimba pagulu. Ndinalowa m'munda nthaka ili gwa ndi dzuwa la chilimwe. Pofukula mwala ndi manja, chikhadabo chija chinang'ambika mpaka mumnofu. Mayo ine! Ndinakhala pansi pomwepo, osati chifukwa cha ululu ayi.

Che Amidu anachiyang'anitsitsa chalacho. Anapempha nyanga ya ng'ombe, nandiuza ndidule kachidutswa, ndikapale ndi galasi losweka mpaka kapyapyale. Anati ku Halale anaonako ena akukodola ndi kotere. Ndinayesa pa nsambo zowonda zokha kuseri kwa nyumba, ndipo mawu ankatuluka okweza, okoma kuposa a chikhadabo. Tonse awiri tinasangalala. Sitinaganize kuti kanyangako umakagwira ndi zala ziwiri, chamkombaphala ndi chachikulu chomwe.

Tsiku la ukwati, masana, bwalo linadzaza. Pamene Che Amidu ankayimba pakamwa, ine ndinkangokwapula nsambo zonse pamodzi, ndipo zinkayenda. Amayi analowa m'bwalo, fumbi koboo, nthungululu. Kenako Che Amidu anasiya kuyimba nandigwedezera mutu kuti gitala lilankhule lokha. Ndinatsikira ku nsambo zowonda. Mawu onse ndinawakodola bwinobwino, osaphonya ngakhale amodzi. Koma pansi pake panalibe kanthu. Chala chachikulu chinali chitagwira nyanga, nsambo zonenepa zili zii.

Ndinaona mapazi a anthu akusokonekera. Mayi wina anaima mwendo uli m'mwamba, akuyang'ana anzake. Ndinataya kanyangako n'kuyesa ndi chala chabalacho. Waya wa buleki suchita chisoni. Unalowa pachilonda penipeni, magazi n'kuyenderera pa thabwa, chala n'kukana. Bwalo lonse linaima. Wina anaseka, ena n'kutsatira.

Mwini ukwati anabwera mwaulemu ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka kwambiri. "Che Amidu, pepani, pumulani. Anyamata abweretsa ng'oma."

Pobwerera Che Amidu sanandilole kunyamula gitala. Analikoleka okha pakhosi. Tili pamsewu anati, "Usadandaule, nyanga ija ndinakupatsa ndine." Ndinawapempha kuti adikire chala chipole. Anapukusa mutu. Mbiri inali itafika kale ku Ntaja ife tisanafike, ndipo palibe anatiitananso. Mvula isanagwe anagulitsa gitala kwa munthu wa pasitima wopita ku Limbe. Kukonza njinga anali atalembako wina, choncho ndinabwerera ku khasu la apongozi.

Amene mukuphunzira gitala, imvani kwa munthu amene zinamukanika. Musathamangire nsambo zowonda. Ndipo chimene simunayesepo nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, musapite nacho pagulu, ngakhale chikome bwanji kuseri kwa nyumba.

Che Amidu anamwalira chaka chotsatira. Ndinayenda wapansi kukafika ku Ntaja, ndinapeza ataika kale, monga achitira Asilamu. Ndinaima kumanda ndekha. Mawu a nyimbo zija anapita nawo, poti ine sindinawaphunzire, ndinkangoyang'ana zala. Ndinatsala ndi theka la nyimbo iliyonse, ndipo gitala sindinaligwirenso.